Abiti Saidi ndi Mzere Umene Ndinatseka

Loweruka lapitali tinachita sadaka ya apongozi anga, Abiti Saidi, poti chakwana chaka chitisiyireni. Anthu anabwera ochokera kumatauni oyandikana nafe kutsidya la nyanja kuno, ena ku Markham, ena ku Hamilton, nsapato zinadzaza pakhomo mpaka kutsikira pamasitepe. Amuna anakhala pabalaza ndi ashehe, ife amayi tinali kukhitchini. Potsanzika, pafupifupi aliyense ankandikokera pambali n'kupempha chinthu chimodzimodzi, choti ndimupatseko kambiya kamodzi ka chikumbutso mwa mbiya zimene malemuwo ankaumba. Onse ndinawayankha kuti ndidzaona. Sindinawauze kuti chaka chonsechi sindinapondeko kuchipinda chapansi kumene kuli mbiyazo. Makina ochapira ali komweko, ndiye amene wakhala akuchapa m'nyumba muno ndi amuna anga, a Idrisa.

Pamaliro sindinalire, pasadaka sindinalire. Anzanga ena amati ndine wolimba mtima, ena amati unamwino unandiumitsa. Ine sindikudziwa. Mumtima mwangochita dzanzi, ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali.

Apongozi angawo anali munthu wamfupi, wa manja aakulu osagwirizana ndi thupi lawo. Chinthu chilichonse chadothi chikafika m'manja amenewo ankachigogoda ndi chikhadabo n'kuchiika kukhutu. Ankatero kusitolo, kunyumba kwa eni ake, ngakhale kuchipatala kumene ndimagwira ntchito kuno ku Oshawa, tauni ya kufupi ndi mzinda wa Toronto. Kapu ikalira bwino ankagwedeza mutu n'kumwa. Ikalira mogontha ankaikankhira patali, tiyi ali momwemo, mwini nyumba akuona. Ine manyazi ankandigwira mpaka kumapazi, iwo alibe nazo ntchito. Ankati kapu yosweka mkati imadziwa yokha tsiku limene idzakutayire tiyi pamwendo, ndiye palibe chifukwa choinyengerera.

Ankanena kuti mbiya ili ndi mlomo, khosi, mapewa, mimba ndi matako ngati munthu, ndipo woumba waulesi amadziwikira kumatako kumene ogula sayang'ana. Ankakondanso kunena kuti diso ndi laulesi, limatola chimene layamba kuona n'kukhala pansi. Mawu achiwiriwa ankawanena akuyang'ana kudenga, koma tonse m'nyumba tinkadziwa kuti akunena ine.

Masiku abwino ankanditchula kuti amake Amina. Akafuna kundiseka ankati anesi, ndipo ankauza alendo kuti apongozi awo anabadwa atagwira chitsekerero m'manja. Sankanama. Ine botolo losatseka limandisowetsa mtendere, kabati yosiyidwa yasa imandiyabwa. Kuntchito anatiphunzitsa kuti pafomu ya wodwala pakatsala malo osalembedwa ndiye kuti wina walakwitsa, ndipo khalidwe limeneli ndinabwera nalo kunyumba. Nkhondo yathu yaikulu inali ya kazenera ka kuchipinda chapansi, kamene kali m'mwamba moyang'anana ndi udzu wa panja. Iwo ankakatsegula pang'ono, mpata wolowa chala, ngakhale mu Januwale kunja kuli chisanu choumitsa mphuno. Ine ndikatsika ndi zochapa ndinkakatseka. Ndikabweranso ndinkapeza katseguka. Zaka ndi zaka tinkachita zimenezi osanenapo kanthu, poti munthu ndi apongozi ake sakangana pakamwa.

Anamwalira Lachiwiri m'mawa, mu Febuluwale, ndi matenda a mtima. Mwa Chisilamu maliro sachedwa. Pofika Lachitatu masana anali ataikidwa kale kumanda a Asilamu kunja kwa tauni, m'nthaka youma ndi chisanu imene anachita kukumba ndi makina. Akazi sitipita kumanda, choncho ndinatsala ndikutsuka makapu. A Idrisa atabwerako anakhala pampando jekete osavula. Patapita nthawi anangoti, "Dothi lake ndi lotuwa, lamiyalamiyala. Amayi akanalikana."

Kwawo ndi ku Machinga, kuseri kwa mapiri, kumene anaphunzira kuumba kwa amayi awo pamodzi ndi mng'ono wawo Asiyatu. Awiriwo ankapita limodzi kumtapo kukakumba dothi, kuumba limodzi, kuotcha limodzi, kenaka kukangana kuti mbiya yosweka pamoto inali ya ndani. Kuno anabwera Amina atangobadwa, kudzandithandiza kwa miyezi isanu ndi umodzi. Anakhala zaka khumi ndi ziwiri. Sutikesi yawo yabuluu sinapite kosungira katundu ngati athu. Inkakhala pamwamba pa kabati m'chipinda mwawo, ndipo mwezi ndi mwezi ankaitsitsa n'kuikamo kanthu ka Asiyatu: nsalu, mafuta odzola, magalasi owerengera, nsapato zofewa. Chinthu chimodzi chimene ankafuna pamoyo wawo wotsala chinali chodziwika kwa aliyense wolowa m'nyumba muno. Ankafuna kubwerera kwawo akadali ndi mphamvu, akamuone Asiyatu ndi maso.

Nkhani ya mbiya zojambula inayamba chaka chawo chachinayi ali kuno. Tinakwera sitima kupita ku Toronto kukaona nyumba yosungiramo zinthu zakale. Titalowa, ine ndinatengana ndi Amina kupita kumene kuli mafupa a zinyama zikuluzikulu, a Idrisa n'kutsala ndi amayi awo. Zimene zinachitika kumbali kwawoko sindinazione. Ndinazimva kwa a Idrisa patapita zaka zisanu ndi chimodzi, zinthu zitaonongeka kale.

Akuti apongozi anga anaima pa kabati yagalasi mmene munali mtsuko wa anthu a mtundu wa Pueblo, eni nthaka a kuchipululu cha kumwera chakumadzulo kwa America. Mtsukowo unali woyera, wojambulidwa makwerero akuda kuzungulira mimba yonse, pakati pake timizere tating'ono tothithikana. Ukauyang'ana koyamba umaona makwerero akuda akutsika. Ukaphethira, akuda aja amabwerera m'mbuyo n'kungokhala mdima, ndipo amene akuonekano ndi makwerero oyera akukwera. Timizere tija tinkachititsa kuti mimba ya mtsukowo izioneka ngati ikupuma.

"Idrisa, chikuyenda chimenechi, kapena ndi BP yanga?"

"Sichikuyenda, Amayi. Ndi kajambulidwe chabe."

"Ndiye mayi anaumba ichi wandinamiza ndili maso," anatero, n'kusendera pafupi mpaka mphuno kugunda galasi.

Tsiku lomwelo m'chipinda china munali mayi wachikulire wa mtundu womwewo, amene anamuitana kudzaonetsa anthu kaumbidwe kawo. Apongozi anga anadutsa pakati pa azungu ngati ali pamsika n'kukaima kutsogolo. Anaona kuti mayiyo alibe makina ozungulitsa dothi, akungopota dothi ngati chingwe n'kumasanja, monga ankachitira amayi awo ku Machinga. Anaona mwala wosalala wokulungizira, mapale akale osinjidwa osakaniza m'dothi latsopano, ndi burashi ya tsamba lotafunidwa kunsonga. Sanapemphe chilolezo. Anangolowetsa dzanja m'mbiya ina yomwe inali patebulo n'kuyamba kupapasa makulidwe ake, ndipo mayi uja anawasiya, akumwetulira. Nkhalamba ziwiri, palibe womva chinenero cha mnzake, zinatha theka la ola zikupatsirana mwala.

Potembenuza mbiya ija, apongozi anga anaona kuti mzere wakuda wozungulira khosi sunakumane. Panali kampata kakang'ono. Anaikapo chikhadabo n'kuuza a Idrisa kuti afunse ngati mayiyo anaiwala. Mayi uja anaseka, nati sanaiwale, amayi ake ndi agogo ake ankausiya choncho, mzere umenewo satseka. A Idrisa, poti ndi munthu wa mafunso, anafunsa chifukwa chake. Mayiyo anayankha mwaulemu kuti zifukwa zilipo, koma zina ndi zakunyumba.

"Usafunsenso," anatero apongozi anga. "Wakupatsa kale zokwanira mlendo."

M'sitima pobwerera, ine ndikuodzera ndi Amina pamwendo, akuti apongozi anga anauza a Idrisa kuti tanthauzo la kampata kaja iwo alimva okha. Anati munthu amene watha masiku ambiri maso ndi mtima zili pambiya imodzi ayenera kudzisiyira potulukira, apo ayi atsala momwemo. Kenaka anaseka n'kunena kuti tsiku lopita kwawo adzatulukira pampata pomwepo. Ngati eni ake amatanthauza zimenezo, ine sindikudziwa, iwonso sanadziwe. Anangotola zimene zinawakwana n'kuzisunga.

Mwezi wotsatira anatiumiriza kuti tiwapezere dothi. Kuholo ya okalamba ya kuno kuli chipinda choumbira ndi uvuni wamagetsi, choncho tinawalembetsa kumeneko. Tsiku loyamba mphunzitsi wake anawakhazika pamakina ozungulitsa dothi. Anawayang'ana makinawo, anamuyang'ana mphunzitsiyo, n'kutsika kukhala pansi ndi dothi lawo pamwendo. Pofika masana okalamba onse anali atasiya zawo n'kuwazungulira. Dothi la m'pepala la pulasitiki ankalinyoza kuti ndi dothi lopanda kwawo, koma ankaligwiritsa ntchito, ataliwonjezera mapale amene ankasinja okha ndi botolo. Kenaka anasamutsira ntchito yonse kuchipinda chapansi kunyumba, pansi pa kazenera kaja. Ntchito yanga inali yonyamula mbiya zouma pagalimoto kupita nazo ku uvuni, n'kukazitenga zikapsa.

Mphunzitsi uja anawabwereka buku la zithunzi za mbiya za Apueblo. Analiyang'ana mwezi wathunthu, tsamba limodzi tsiku lonse, kenaka analibweza osakoperamo chilichonse. Anati zojambula zimenezo zili ndi eni ake, ndipo munthu savala nsalu ya mnzake chifukwa choti waiona pachingwe. Zawo ankazitenga pa kalukidwe ka lichero, pa mkeka, pa mano a chikwakwa. Kwa Apueblo anatengako nzeru yokha, yoti pamene wasiya posapaka utoto nawonso ndi malo ojambula. Ankati wogwira burashi amajambula zinthu ziwiri nthawi imodzi, chimene akupaka ndi chimene akusiya, ndipo wopusa amayang'ana chimodzi chokha.

Nzeru imeneyi inawakanganitsa ndi mwana wawo. Tsiku lina anakwera ndi mbale yaikulu yojambulidwa timano takuda tosongoka, n'kuiika pakati pa tebulo. A Idrisa anaiyamikira, anapitiriza kudya, kenaka supuni inaima m'mwamba.

"Amayi, izi ndi mbalame."

"Ziti?"

"Zoyerazi. Mapiko awa, milomo iyi. Zazungulira mbale yonse. Mukudziwa kuti kujambula zamoyo anthu akumzikiti sagwirizana nazo. Akabwera pa Idi adzati chiyani?"

"Tenga burashi iyo undionetse pamene ine ndajambula mbalame."

"Koma zikuoneka, Amayi."

"Ine ndapaka zakuda. Zakudazo ndi mano a chikwakwa. Ngati diso lako lapita kukatola mbalame pamene ine sindinagundepo, ukalifunse diso lakolo."

Amina, amene Chichewa amamva koma amayankha m'Chingerezi, anaseka mpaka kutsamwa. A Idrisa anakwiya masiku awiri. Pa Idi mbale ija inatuluka itadzaza zitumbuwa, ndipo ashehe anadya mpaka pansi pake kuoneka. Anaiyang'ana nthawi yaitali, anapendeketsa mutu uku ndi uku, n'kupempha madzi osamba m'manja.

Za ulendo wa ku Malawi ndiyenera kunena mosabisa, chifukwa wolankhula nthawi zonse ndinali ine. A Idrisa pa nkhani zovuta amangoyang'ana pansi. Poyamba chifukwa chinali mapepala a chilolezo chokhala m'dziko lino, kuti apongozi anga akachoka msanga adzavutika kubwerera. Mapepala atatuluka, Amina anali wamng'ono ndipo ine ndinali pa mashifiti osinthasintha. Kenaka linabwera bondo. Kenaka mtima. Chaka chilichonse iwo ankati chaka chino ndipita, ine n'kuti tiyeni tione chaka chamawa.

"Amayi, mukakakomoka kumudzi, ambulansi idzachokera kuti?" ndinawafunsa tsiku lina.

"Ndikakakomoka kwathu ndiye kuti ndafika," anayankha.

Sindinkanama. Ndaona ndi maso anga zimene mtima wotopa umachita pa ulendo wautali, ndipo ndinkaopadi. Komanso nyumba ino inkayenda bwino iwo ali pano, mwana akachoka kusukulu ankapeza munthu, ine ndikaweruka ndinkapeza zophikidwa. Ziwiri zonsezi ndi zoona. Ndikaganiza za zaka zimenezo ndimaona chikondi, ndikaphethira ndimaona kudzikonda, ndipo sinditha kuziona zonse pamodzi.

Zaka ziwiri asanamwalire, dokotala wa mtima ananena kuti mankhwala atsopano akawayanja akhoza kukwera ndege mu Ogasiti. Sindinawaonepo akusangalala chonchija. Sutikesi inatsika pakabati n'kukhala pansi, yotsegula. Ndipo anayamba kuumba mtsuko waukulu kuposa yonse, woti akapatse Asiyatu. A Idrisa anawauza kuti chinthu chotere chidzasweka m'ndege, iwo anati adzachifungata pamwendo ngati mwana. Kujambula kokha kunawatengera masabata atatu, chifukwa manja anali atayamba kunjenjemera, ndipo mzere uliwonse ankaukoka atagwira mkono ndi dzanja linalo.

Lachisanu loti mtsukowo upite ku uvuni, iwo anapita ndi a Idrisa kukapimitsa mtima. Ine ndinatsika ndi chopukutira choti ndiukulungire. Ndinautembenuza kuti ndione pogwira, ndipo pakhosi pake ndinaona kuti mzere wakuda sunakumane. Panali mpata wokwana nsonga ya chala. Zaka zisanu ndi chimodzi ndinali ndikunyamula mbiya zawo, koma sindinaonepo chinthu chotere, chifukwa ndinkazinyamula ngati mmene ndimanyamulira thumba la mpunga. Ndinagwidwa ndi chisoni. Ndinati mayi wokalambayu maso ayamba kuchita mdima, ntchito yokongola chonchi akafika nayo kwa mng'ono wake ili yosamaliza. Utoto unali pomwepo m'kachitsekerero, burashi ili pambali. Ndinaiviika, ndinagwira mpweya, n'kulumikiza mzere uja. Unalumikizika bwino moti ndinadziyamikira ndekha. Ndinatseka kazenera, n'kunyamula mtsuko kupita nawo ku uvuni.

Unapsa sabata yotsatira, ndipo sabata yomweyo zotsatira za kuchipatala zinatuluka. Dokotala anati mtima sunasinthe kwenikweni, ulendo ndi wotheka koma uli ndi chiopsezo, banja liganize lokha. Banja linali ine. Ndinafika kunyumba masana ndi mtsuko uli m'chopukutira, ndinauika patebulo la kukhitchini, ndipo ndisanavule n'komwe nsapato ndinawauza kuti ulendo tiuimitse kaye, tione chaka chamawa.

Anakokera mtsuko uja pafupi, anaumasula, anaugogoda ndi chikhadabo n'kumvetsera. Unalira bwino. Anayamba kuutembenuza pang'onopang'ono, chala chili pakhosi pake chikutsatira mzere. Anauzungulitsa kamodzi. Anauzungulitsa kachiwiri. Kachitatu chala chinaima pamene panali mpata paja, ngakhale panalibe chooneka.

"Watseka apa ndani?"

"Ndine, Amayi. Panatsala pang'ono, ndiye ndinangomalizitsa."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinkadikira kuti andiseke, anditchule anesi, anene za chitsekerero. Sanatero.

"Dzanja lanu ndi lowongoka, amake Amina," anatero. "Munthu sangadziwe n'komwe pamene munayambira."

Anaufungata mtsuko uja n'kutsika nawo pansi, sitepe imodzi imodzi, akukana kuti ndiwathandize.

M'mawa mwake tili m'galimoto ndinawafotokozera a Idrisa, ndikudandaula kuti amayi awo sanathokoze. Anakhota n'kuimika galimoto pambali pa msewu. Mpamene anandiuza za ku Toronto kuja, za mayi wa Chipueblo, za kampata, za mawu a m'sitima.

"Nanga bwanji simunandiuze nthawi yonseyi?"

"Six years mukuzidiraivira ku uvuni mbiya zimenezi," anatero. "Ine ndimayesa mumaziona."

Madzulo ake ndinatsika kukapepesa. Ndinawapeza akupota dothi pabondo. Ndinagwada monga mmene ndinagwadira tsiku limene anandilandira m'banja mwawo, ndinati sindinadziwe, ndinati mwina tingapale ndi mpeni pamene ndinapakapo.

"Dzukani, mwanangu, simenti ikuzizirani," anatero. "Chikapsa chapsa. Mukapala mungochipweteka."

"Mukhoza kuumba china, Amayi. Chaka chamawa chisanafike mudzakhala mwamaliza."

"Eya," anatero, osadzutsa mutu. "Chaka chamawa."

Kuyambira tsiku limenelo manyazi anandiletsa kutsikako. Zochapa ndinkatsika nazo iwo akakhala kuti atuluka, ndipo ndinkalunjika kumakina osaponya maso kumbali kwawo. Kazenera sindinakagwirenso. Zonyamula mbiya kupita ku uvuni anazitenga a Idrisa.

Chimene chimandivuta kunena n'chakuti zaka ziwiri zotsatirazo zinali zamtendere. Apongozi anga anasiya kufunsa za ulendo. Ogasiti anafika n'kudutsa, wina anafikanso n'kudutsa, osamva mawu oti chaka chino ndipita. Mankhwala ankamwa osawakakamiza. Kunyumba kwa anthu ankalandira kapu iliyonse n'kumwa osaigogoda. Sankanditchulanso anesi. Akaimbirana foni ndi Asiyatu ankakamba za mvula, za amene wamwalira, za mbuzi, basi. Ine mtima unakhala pansi. Ndinkauza anzanga kuntchito kuti mayi aja tsopano azolowera, ndipo ndinkanena monyadira, ngati ndi ine ndawachiritsa.

Lamulungu m'mawa, litangotha tsiku la sadaka, a Idrisa anandipatsira foni kuti ndimvere uthenga wa mawu wochokera kumudzi. Anali Asiyatu, mawu ake ofanana ndi a mkulu wake moti ndinakhala pansi. Anathokoza chifukwa cha sadaka, anapereka moni kwa aliyense, ndipo kumapeto anati, "Achemwali anandiuza kale kuti anandiumbira mtsuko. Ankati adzabwera nawo okha. Ngati alipo wobwera kuno, mundipatsire, ndiuone."

Choncho ndinatsika.

M'chipindamo mukununkhabe dothi. Mpando wawo uli pomwe unali, nsalu yopindidwa kanayi ili pamwamba pake, pakati pali polowa. Patebulo pali mwala wokulungizira, botolo losinjira mapale, maburashi atatu ouma gwa m'kapu yopanda chogwirira. Dothi lotsala m'pepala la pulasitiki linauma n'kung'aluka. Mbiya zili pamashelufu awiri kukhoma, ndipo poti sankasakaniza zakale ndi zatsopano, zandandalika monga mmene anaziumbira, kuyambira kumanzere.

Ndinayambira kumanzereko, kutembenuza imodzi imodzi, chala chili pakhosi. Yoyamba ili ndi mpata. Yachiwiri ili nawo. Mbale ya mbalame ija ili nawo m'mphepete, pakati pa mano awiri akuda. Shelufu yonse yam'mwamba ndi theka la yam'munsi, iliyonse ili ndi potulukira pake, kwina kochepa ngati njere ya mpunga, koyang'ana kukhoma. Kenaka pali mtsuko wa Asiyatu, waukulu, makwerero ake akutsika n'kumakweranso ukaphethira, mzere wanga uli pakhosi.

Kumanja kwa mtsukowo kuli mbiya zisanu ndi zinayi zimene anaumba pambuyo pake, zimene ine sindinazinyamulepo. Mizere yake ndi yokhotakhota, manja anali atatha. Ndinatembenuza yoyamba kamodzi, kachiwiri, kachitatu. Ndinatenga yachiwiri. Ndinafika mpaka yomaliza, kambiya kakang'ono kosaotcha. Zonse zisanu ndi zinayi mzere wa pakhosi ndi wotseka, ndipo polumikizira anabwerezapo burashi kawiri, pakuda kwambiri kuposa pena ponse.

Sutikesi yabuluu ili pansi pa tebulo. Ndinaikoka, inali yopepuka. Mulibe nsalu, mulibe mafuta, mulibe magalasi. Muli manyuzipepala akale amene ankayala poumba, opindidwa bwinobwino.

Nditadzuka ndinayang'ana m'mwamba, pa kazenera kaja. Ndi kotseka. M'mphepete mwake monse anamata ndi dothi kuti mphepo isalowe, kuzungulira mbali zonse zinayi, ndipo zala zawo zikuonekabe m'dothimo. Ndinakwera pampando wawo n'kutsatira ndi chala, kuyambira pakona mpaka kubwerera pakona pomwepo. Sanasiye mpata.